Kodi opeka zatsopano onse amadzera njira imodzi?

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa achinyamata kulemba nkhani ndi ndakatulo, pali funso limodzi limene silinasowepo. Wina amakweza dzanja n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, poyambira m'pati, nanga pambuyo pake pamabwera chiyani?" Amafuna ndondomeko yonga ya mmisiri womanga nyumba, amene amadziwa kuti maziko ndiwo amayamba ndipo denga limabwera pomaliza. Funsoli si lachibwana. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu alimbana nalo kwa zaka pafupifupi 100. Ine ndimayankha kuti zilipodi zinthu zimene mlembi, wojambula, wopeka nyimbo ndi katswiri wa masamu amafanana, koma zinthuzo sizindandalikana ngati masitepe, ndipo wophunzira amene wauzidwa kuti zimatero amadzivutitsa pachabe.

Amene anatchukitsa ganizo la masitepe ndi Graham Wallas, mphunzitsi wa ku London School of Economics, m'buku lake la mu 1926 lotchedwa The Art of Thought. Iye anati ganizo latsopano limadutsa magawo anayi. Munthu amayamba ndi kukonzekera, kutanthauza kuwerenga, kufufuza ndi kuyesa njira zonse zimene akuzidziwa mpaka atatopa. Kenako amaisiya kaye nkhaniyo, ndipo mawu amene Wallas anatchulira gawoli ndi omwe amanena za mbalame yofungatira mazira: kunja kuli zii, koma mkati chamoyo chikukula. Ndiye yankho limatulukira mwadzidzidzi. Chotsala n'kuliyesa ngati lili loona.

Wallas anatsamira kwambiri pa zimene akatswiri awiri ananena za iwo eni. Woyamba ndi Hermann von Helmholtz, katswiri wa sayansi wa ku Germany, amene mu 1891 anati maganizo abwino sankamufikira ali wotopa pa tebulo lake, koma ankakonda kubwera akukwera phiri pang'onopang'ono tsiku la dzuwa. Wachiwiri ndi Henri Poincaré, katswiri wa masamu wa ku France. Mu 1908 iye anasimba kuti atalimbana kwa masiku ambiri ndi funso lina la masamu, anachoka mumzinda wa Caen, kumene ankakhala, kupita ku ulendo wokaona miyala ndi nthaka, ndipo zoyendazo zinamuiwalitsa masamu ake. Atafika ku Coutances, pamene ankangoponda pokwerera ngolo yonyamula anthu, yankho linamufikira lonse lathunthu. Anakhala pansi n'kupitiriza kucheza ndi anzake, ndipo anakalitsimikizira atabwerera kwawo.

Nkhani imeneyi ndimaikonda, ndipo sindikayika kuti Poincaré ankanena zimene ankakumbukira. Koma umboni wotere ndi wa munthu wosimba zakale, ndipo munthu posimba amasalaza njira imene poyenda inali yokhotakhota. August Kekulé anatulukira mu 1865 kuti maatomu a mankhwala otchedwa benzene amalumikizana mozungulira ngati mphete, koma nkhani yake yotchuka, yakuti anaona njoka ikudziluma mchira ali kuwodzera, anaikamba pagulu mu 1890, patapita zaka 25. Charles Darwin analemba ali wokalamba kuti mu 1838, akuwerenga buku la Thomas Malthus lonena za kuchuluka kwa anthu, anaona nthawi yomweyo mmene zamoyo zimasinthira. Howard Gruber atafufuza makope a Darwin tsamba ndi tsamba anapeza kuti zidutswa za ganizolo zinalipo kale kwa miyezi, ndipo ngakhale pambuyo pake zinatenga nthawi kuti zigwirane. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma akafunsidwa amakumbukira kudumpha kumodzi kokha.

Nkhani ya Mozart, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Ulaya, ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa yasokeretsa oimba ambiri. Mu 1815 magazini ina ya nyimbo ku Germany inasindikiza kalata imene inati inalembedwa ndi iye. M'kalatamo akuti nyimbo inkamufikira m'mutu yonse nthawi imodzi, ndipo chomutsalira chinali kungoikopera papepala. Akatswiri anatsimikiza kalekale kuti kalatayo ndi yabodza. Mapepala a Mozart oyeserapo ndi nyimbo zimene anaziyamba n'kuzisiya panjira zilipo mpaka lero. Komabe kalatayo ikugwidwabe mawu m'mabuku olimbikitsa anthu, ndipo mwana amene nyimbo yake ikutuluka movutikira amaganiza kuti alibe mphatso.

Ofufuza atasiya kudalira zokumbukira n'kuyamba kuyang'ana anthu ali pa ntchito, magawo anayi aja anayamba kulowererana. Mu 1935 Catherine Patrick anapatsa olemba ndakatulo chithunzi kuti alembepo, n'kuwapempha kuti azilankhula zonse zimene akuganiza. Magawo a Wallas anawaona, koma anali olowana, osati lina kudikira kuti linzake lithe. Mu 1952 Jan Eindhoven ndi Edgar Vinacke anachita zofanana ndi ojambula, ndipo anapeza kuti kuganiza, kupanga ndi kukonza zinkachitikira limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuonetsa ophunzira ndi chojambula cha Pablo Picasso chotchedwa Guernica. Tauni ya ku Spain ya dzina limeneli inaphulitsidwa ndi ndege pa 26 April 1937, ndipo pa 1 May iye anayamba kujambula zoyeserera, zimene zinafika pafupifupi 45. Dora Maar anatola zithunzi za chinsalucho pamene ntchito inkapitirira, choncho tikutha kuona zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka. Pa chiyambi panali mkono waukulu wokwezedwa m'mwamba, chibakera chofumbata, pakatikati penipeni pa chojambulacho. Pa chomalizidwacho mkonowo palibe. Ndimafunsa ophunzira kuti andiuze gawo limene Picasso analipo tsiku limene anaufufuta. Ankayesa ganizo lakale kapena ankalandira latsopano? Dzanja limodzi linachita zonse ziwiri pa mphindi imodzi.

Sindikunena kuti Wallas analakwitsa zonse. Kufungatira kuja kuli ndi umboni. Mu 2009 Ut Na Sio ndi Thomas Ormerod anasonkhanitsa kafukufuku 117 ndipo anapeza kuti kusiya kaye funso lovuta kumathandizadi, makamaka ngati munthu anali atalimbana nalo kwa nthawi yaitali asanalisiye. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck, ku Germany, anapatsa anthu ntchito ya manambala imene inali ndi njira yachidule yobisika. Mwa amene anagona maola asanu ndi atatu asanaibwereze, oitulukira njirayo anachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi amene anakhala maso. Koma tulo sitinathandize amene anagona asanaigwireko ntchitoyo. Mbalame imafungatira dzira limene laikiridwa kale.

Tsono pali akatswiri ena amene ndondomeko ya Wallas sikuwakwana n'komwe. M'zaka za 1933 mpaka 1935 Milman Parry, ndi wophunzira wake Albert Lord, anayendera oimba ndakatulo zazitali m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Yugoslavia. Kumeneko anakumana ndi Avdo Međedović, munthu wosadziwa kulemba, amene anawayalira ndakatulo ya mizere yoposa 12,000. Sanaloweze mzere ndi mzere ayi. Ankapeka akuimba, pogwiritsa ntchito timagulu ta mawu tokwanira kale mu muyeso wa mzere, ndi zochitika zodziwika monga kusonkhana kwa ankhondo kapena kuvala kwa ngwazi, zimene anazimva kwa oimba akale kuyambira ali mwana. Munthu wotere alibe mpata wofungatira, ndipo mawu akatuluka sangawabweze kuti awakonze. Oimba jazz nawonso ali chimodzimodzi. Mu 2008 Charles Limb ndi Allen Braun anaunika ubongo wa oliza piyano asanu ndi mmodzi pamene ankapeka nyimbo pompopompo, ndipo anaona kuti mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, imene imagwira ntchito munthu akamadziyang'anira, inkafatsa.

Kodi ndiye kuti oimba amenewa saweruza ntchito yawo? Amaweruza, koma kuweruza kwakukulu kunachitika kale, m'zaka zoyeserera, pamene khutu linkakana ichi n'kusunga icho mpaka zala ndi lilime zinazolowera. Apa ndi pamene ndimaona chofanana chenicheni. Aliyense wopeka ali ndi nkhokwe ya zimene anatola kwa amene anamutsogolera, ndipo popanda nkhokweyo Poincaré akanakwera ngolo ija osamva kanthu. Aliyense amatulutsa zambiri kuposa zimene adzasunge, ndipo aliyense ali ndi diso kapena khutu losankha. Chosiyana ndi malo amene kusankhako kumagwera. Wolemba buku amasankha pambuyo, akufufuta. Wosema mwala ayenera kusankha asanamenye, poti chagamphuka sichibwerera. Woimba pabwalo anasankha zaka zapitazo, ndipo akupitiriza kusankha poyang'ana nkhope za omvera.

Pali chinanso chimene Wallas sanachipatse malo okwanira, chifukwa iye ankaganiza za munthu amene funso lake lili kale pa tebulo. Jacob Getzels ndi Mihaly Csikszentmihalyi anafufuza ophunzira 31 a sukulu ya zojambula ku Chicago, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1976. Anawaikira zinthu zosiyanasiyana pa tebulo kuti asankhepo n'kujambula. Ena anatola ziwiri zitatu mwachangu n'kuyamba. Ena anazinyamula, kuzitembenuza, kuzibweza, ndipo ngakhale ali mkati mojambula ankasinthabe chimene akufuna kunena. Zojambula za gulu lachiwirili zinaonedwa kuti ndizo zachilendo kwambiri, ndipo patapita zaka, ambiri mwa amene zinthu zinkawayendera bwino pa ntchito yojambula anali a gulu lomweli. Kupeza funso, choncho, si sitepe yoyamba imene munthu amaiponda n'kuisiya. Ena amalipeza funso lawo ntchito ili pafupi kutha.

N'chifukwa chake ndinasiya kulemba magawo anayi pa bolodi. Ndinaona zimene ankachita kwa ophunzira: wina ankakhala milungu itatu osalemba liwu, akuti akufungatira, pamene anali asanayese n'kamodzi komwe, wina ankaopa kukonza ndime yake yoyamba chifukwa nthawi yoyesa sinakwane. Tsopano ndimangopempha kuti aliyense abweretse mapepala ake onse, ofufutidwa ndi ong'ambika omwe, osati lomalizidwa lokha. Timawayala pa tebulo motsatira masiku ake.

Mtsikana wina amene ankadandaula kuti ganizo silimufikira anabweretsa mapepala asanu ndi awiri a nkhani imodzi yokhudza bambo wobwerera kwawo patapita zaka zambiri. Pa pepala lachiwiri, m'mphepete, analembapo chiganizo chimodzi cha mlongo wa bamboyo akutseka chitseko, kenako n'kuchidula mzere. Pa lachinayi chiganizocho chinabweranso, n'kudulidwanso. Pa lachisanu ndi chimodzi mlongoyo anali atatenga nkhani yonse, ndipo bamboyo ankangooneka pa zenera. Nditamufunsa tsiku limene ganizo limeneli linamufikira, anayang'ana mapepalawo kwa nthawi, n'kuloza la chiwiri, kenako la chinayi, ndipo chala chake chinatsala pakati.