Seva ya pa bizinesi ikakalamba m'chigwa cha Shire: kukonza kapena kugula ina?

Mu Okutobala ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, kutentha kukadutsa madigiri 40, kachipinda kosungiramo seva kamasanduka uvuni. Mukatsegula chitseko mumamva mafani akulira ngati chigayo, ndipo kutsogolo kwa makinawo kanyali kamodzi kasiya kubiriwira, kakuphethira mofiirira. Eni bizinesi ambiri amangotseka chitseko n'kunena kuti bola ikuyenda. Komatu m'bokosi limenelo muli malisiti, ngongole za makasitomala, malipiro a antchito ndi mabuku a katundu yense. Seva ndiyo kompyuta imene makompyuta ena onse a pa ofesi amatapamo ndi kusungamo zinthu. Ikaima, pa kauntala pamaima, ku SACCO mamembala amabwerera chimanjamanja, kuchipatala mafayilo a odwala satseguka.

Zaka za seva zimanena zina, koma sizinena zonse. Opanga monga Dell ndi HPE nthawi zambiri amaigulitsa ndi walanti ya zaka 3, imene mungailipirire kuti ifike zaka 5, n'chifukwa chake ambiri amawerengera zaka 5 ngati msinkhu wopumira. Kuwerengera kumeneko kumaganizira chipinda chozizira bwino ndi magetsi osadukaduka. Seva zambiri zinapangidwa kuti zizikoka mpweya wa madigiri 10 mpaka 35, ndipo bungwe la akatswiri a zoziziritsa nyumba la ASHRAE limalangiza madigiri 18 mpaka 27. Timigolo ting'onoting'ono ta pa bolodi ya m'kati mwa seva ndi mu pawa sapulayi (kabokosi kogawira sevayo magetsi), totchedwa makapasita, timauma msanga pakatentha: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umatsika pafupifupi ndi theka. Choncho seva ya zaka 4 imene yakhala pansi pa malata ku Nsanje ikhoza kukhala yotopa kuposa inzake yakale kwambiri imene yakhala m'chipinda chozizira ku Blantyre.

Onjezanipo magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatenga chaka ndi miyezi. Seva imene inadutsa m'nyengo imeneyo inazima mwadzidzidzi kambirimbiri, ina ili mkati molemba pa disiki, n'kudzukanso ndi magetsi a jenereta okwera ndi kutsika. Zipsera zake sizioneka kunja.

Ngakhale zili choncho, musathamangire kugula. Matenda ena amene amachititsa anthu kunena kuti seva yatha ndi a ndalama zochepa. Ngati ikuzima nthawi yomweyo magetsi a ESCOM akathima, vuto ndi mabatire a mu UPS (bokosi losunga magetsi kuti seva isazime), aja a 12V 7Ah kapena 9Ah. Pa madigiri 25 amakhala zaka 3 mpaka 5, koma kuno kuchigwa ayeseni chaka chilichonse, ndipo otupa asintheni onse pamodzi. Ngati tsiku ndi nthawi zikusokonekera ikangozimitsidwa, ndi kabatire ka CR2032 ka pa bolodi. Ngati mafani akukuwa, izimitseni, itulutseni panja, muipemerere ndi makina opemerera mphepo mutagwira mafaniwo kuti asazungulire. Mudzapeza fumbi lomatana ngati thonje, nthawi zina chisa cha mavu kapena nalimata wouma mu pawa sapulayi. Ngati yangoyamba kuchedwa mwadzidzidzi posunga zinthu, funsani za batire ya khadi ya RAID, imene imagwirizanitsa madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Batireyo ikafa, khadi imasiya kusungira zinthu m'memore yake yothamanga n'kumalemba mwachindunji pa disiki, ndipo ntchito yonse imayenda ngati nkhono. Zonsezi n'zosintha tsiku limodzi.

Chizindikiro choyamba cha ukalamba weniweni sichimveka phokoso. Ndi pulogalamu yoyendetsa sevayo, monga Windows Server. Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo, zotsekera zibowo zimene mbava zingalowerepo, za Windows Server 2008 R2 pa 14 Januwale 2020, za Windows Server 2012 ndi 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023, ndipo za Windows Server 2016 zilekeza pa 12 Januwale 2027. Seva yotere imayaka bwinobwino m'mawa, koma chibowo chilichonse chimene mbava za pa intaneti zachipeza kuchokera tsiku limenelo chimakhala chosatseka. WannaCry, imene mu Meyi 2017 inamanga mafayilo a anthu m'maiko ambiri n'kumafuna dipo, inalowera pa makompyuta opanda zigamba. Ena amati tingoikamo Windows yatsopano. Nthawi zina zimatheka, koma onani kaye pa tsamba la wopanga ngati mtundu wa seva yanuyo uli ndi madalaivala a Windows imeneyo, timapulogalamu tothandiza Windows kugwira ntchito ndi zipangizo za sevayo. Ngati palibe, nkhani yatha.

Chachiwiri ndi madisiki, ndipo apa m'pamene mabizinesi ambiri amalirira. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART. Tekinishani angaiwerenge pa chida choyang'anira seva, chotchedwa iDRAC ngati seva ndi ya Dell ndi iLO ngati ndi ya HPE, kapena ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo pa madisiki osadzera pa khadi ya RAID. Muuzeni akuonetseni manambala atatu. Maola amene disiki yazungulira: yoyaka usana ndi usiku imafika maola 43,800 pa zaka 5. Magawo a disiki amene anawonongeka n'kusamutsidwa, pa nambala 5 ya mndandanda wa SMART. Magawo amene akulephera kuwerengeka, pa nambala 197. Awiri omalizawa akachoka pa ziro n'kumakwera mwezi ndi mwezi, disikiyo ili paulendo.

Musadzitonthoze ndi mawu akuti tili ndi RAID. Pa RAID 5, imene imagawa zosungidwa pa madisiki atatu kapena kuposa, disiki imodzi ikafa ntchito imapitirira, zoona. Koma mukaikamo yatsopano, seva imayenera kuwerenga madisiki otsalawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti imangenso zimene zinatayika, ntchito ya maola ambiri, mwina tsiku lathunthu. Madisiki otsalawo anagulidwa tsiku limodzi ndi yakufayo, anapsa ndi dzuwa lomwelo. Yachiwiri ikagonja mkati mwa ntchitoyo, zonse zapita. Madisiki awiri akafa m'chaka chimodzi pa seva yopitirira zaka 5, lekani kugula imodziimodzi.

Chachitatu ndi zipangizo zosinthira. Tengani nambala ya sevayo, imene pa Dell amaitcha Service Tag, muimbire wogulitsa ku Blantyre, mumufunse kuti bolodi yaikulu, pawa sapulayi ndi khadi ya RAID angazipeze m'masiku angati. Akayankha kuti aitanitsa yakale ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndipo zidalira ndalama zakunja, werengani masabata. Kenako werengani zimene bizinesi imalowetsa pa tsiku, muchulukitse ndi masiku amenewo. Ikani chiwerengerocho pafupi ndi mtengo wa seva yatsopano, yankho limaoneka lokha. Mvula ikamagwa kumbukiraninso kuti msewu wotsika phiri kudzera pa Thabwa ndi wa ku Nsanje umaduka madzi akasefukira, ndiye ngakhale chipangizo chitapezeka, wochibweretsa sangafike.

Pali zizindikiro zina zosafuna mkangano: seva yodzizimitsa yokha popanda chifukwa, mauthenga obwerezabwereza a zolakwika za memore ngakhale mutaisintha, makapasita otupa pamwamba kapena otuluka dzimbiri. Ndipo seva imene inalawa madzi kapena matope pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ngakhale inauma n'kuyaka, isakhulupiriridwe. Dzimbiri limadya timizere ta pa bolodi pang'onopang'ono.

Mukatsimikiza zogula, sankhani nyengo. Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino: kunja kwazizirako, misewu ili bwino, kutentha kwa Okutobala kudakali kutali. Pewani kumapeto kwa mwezi pamene mukukonza malipiro, komanso masabata amene msika wa thonje wafika pachimake ngati bizinesi yanu imadalira alimi. Kwa ofesi ya makompyuta 10 mpaka 20, seva yaing'ono yoimirira yokhala ndi ma SSD (madisiki opanda mbale zozungulira) awiri pa RAID 1, kutanthauza kuti onse akusunga zofanana, memore yodzikonza zolakwika (ECC) ya 32 GB ndi mapawa sapulayi awiri imakwanira ntchito za maakaunti ndi mafayilo. Bajeti isathere pa bokosi lokha. Muikemo UPS ya mtundu wa online, imene imasefa magetsi a jenereta, waya wapansi woyezedwa bwino chifukwa cha mphezi, chozizira chipinda, ndi shelefu yokwera kuti seva ichoke pansi. Kuika seva yatsopano m'kachipinda kakale kotentha n'kuthira madzi m'dengu.

Enanso angapeze kuti safunika seva ina ayi. Maimelo ndi mafayilo zikhoza kusamukira pa Microsoft 365 kapena Google Workspace, makamaka pano pamene pa Airtel ndi TNM panawonjezeka intaneti ya setilaiti ya Starlink mu 2023. Koma malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, otsatira dola, ndipo intaneti ikaduka pa kauntala pamafunikabe njira yogulitsira.

Posamuka, yambani ndi backup yathunthu, kutanthauza kope la zonse zili pa seva, muibwezeretse pa kompyuta ina kuti muone ndi maso kuti mafayilo akutseguka. Makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi ofesi, kumtunda kumene madzi safika. Funsiranitu kwa amene anakugulitsani Sage, QuickBooks kapena pulogalamu ya pa kauntala ngati layisensi ilola kusamutsidwa, chifukwa ina imamangiriridwa ku makina akale. Samutsani Loweruka madzulo, yesani Lamlungu, ndipo seva yakale ikhale chozimitsa koma yosafufutidwa kwa mwezi wathunthu, mpaka malipiro ndi malipoti a mwezi atatuluka bwino pa yatsopano.

Mweziwo ukatha, chotsani madisiki musanapereke kapena kugulitsa bokosilo. Muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, zimene lamulo la Data Protection Act la 2024 likuti muziteteze. Kungofufuta mafayilo sikukwanira, chifukwa wodziwa amawabweza. Disiki ya mbale zozungulira ibooleni ndi dirilo malo atatu kapena anayi; SSD ifafanizeni ndi pulogalamu ya wopanga wake, kapena muiphwanye mpaka timachipi take titasweka.