Mwana akajomba katatu, aphunzitsi pitani kwawo

Palibe mwana amene amadzuka tsiku limodzi n'kusiyiratu sukulu. Zaka zimene ndaphunzitsa makalasi oyambirira kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, zandionetsa kuti zimayamba pang'onopang'ono: lero sanabwere, sabata yamawa Lachisanu kulibenso. Makolo amati ndi masiku awiri okha. Koma mwezi uli ndi masiku asukulu pafupifupi 20, ndiye wojomba awiri mwezi uliwonse wataya gawo limodzi mwa magawo 10 a maphunziro ake.

Kwa wazaka 6 wa kalasi yoyamba, zimenezi n'zambiri. Zilembo timaziphunzira motsatana ngati kusanja njerwa. Mwana akabwera n'kupeza anzake akulumikiza "ba" ndi "mbo" iye asanadziwe "b", amakhala kumbuyo, kope ataliphimba ndi mkono. Manyazi amenewo ndiwo amamujombetsanso mawa.

N'chifukwa chake buku loitanira mayina sindiliona ngati longolembamo falta, kutanthauza kujomba. Limalankhula. Wosowa tsiku la msika lokha, ameneyo akunyamula mbatata ya kachewere kapena akulera mng'ono wake. Wosowa mu February ndi March, kaya ndi njala, kaya malungo, kaya mtsinje wadzaza. Mu June ndi July, kuzizira kwa kumapiri kuno kumagoneka m'nyumba mwana wopanda juzi.

Akajomba katatu, ndimapita kwawo. Kalata yoitana makolo sindiikonda, chifukwa imafika ngati samani ya kubwalo. Ndimati odi, andiyalire mphasa, tilonjerane, kenako: "Mayi, mwana wathu uja tamusowa, kwagwanji?" Tsiku lina mayi wina anayamba waseka, kenako n'kuulula kuti mbuzi inatafuna kope ndipo mwanayo ankaopa kukalipidwa. Sabata yathunthu inapita chifukwa cha kope limodzi! Ena vuto lawo ndi chinenero: kunyumba ndi Chichewa chokhachokha, m'kalasi Chipwitikizi. Maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'dziko muno mu 2003, Chinyanja chili momwemo, ndipo ngakhale pasukulu pamene palibe kalasi yotere, mphunzitsi akafotokozako m'chinenero cha mwana, nkhope imamasuka.

Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. N'zoona, koma ine sindinaonepo kholo likusintha chifukwa choopsezedwa ndi lamulo. Chimene chimagwira ntchito ndi Conselho de Escola, komiti ya sukulu, mmene muli makolo ndi akuluakulu a m'dera. Iwo amadziwa khomo limene muli matenda, amatha kupempha anyakwawa kuti alankhule ndi bambo amene akutuma mwana kubusa, amapeza wamkulu wowolotsa ana pamtsinje.

Mwanayo akabwerera, musamufunse milandu pamaso pa anzake. Muikeni kutsogolo, pafupi ndi mnzake wa mudzi umodzi woti azimudutsira m'mawa, ndipo sabata yoyambayo muzitsala naye pang'ono mukaweruka kuti mubwereze zilembo zimene zinamudutsa.