Thupi likazizira sikuti kaodzera watha

Ndatopa nawo mawu akuti "anatentha thupi koma zinasiya, ndiye timati achira." Ndimawamva kwa achibale a odwala kaodzera, makamaka a m'midzi yozungulira Vwaza ku Rumphi, nkhalango ya Nkhotakota ndi ya Kasungu, komwe kuli akashembe, ntchentche zofalitsa matendawa. Ena amawonjezera kuti asing'anga ndiwo anaziziritsa thupilo. Ayi ndithu. Thupi la wodwala kaodzera limatentha, kuzizira, n'kutenthanso, kaya wamwa kanthu kaya sanamwe. Chifukwa chake chili m'kati mwa kachilombo koyambitsa matendawa, pa mmene kamawerengera majini ake, kutanthauza malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA yake.

Kachilomboka dzina lake ndi Trypanosoma brucei, ndipo kali ndi majini pafupifupi 9,000, monga anapezera asayansi atamaliza kuwerenga DNA yake mu 2005. M'maselo a munthu, pafupifupi jini iliyonse ili ndi poyatsira pake: ikafunika, selo limakopera uthenga wake, womwe timati mRNA, n'kupangira puloteni. Kachilomboka sikachita choncho. Majini ake andandalikana m'mizere itali, ndipo kamakopera mzere wonse ulendo umodzi, majini makumimakumi osakhudzana ntchito n'komwe. Zili ngati telala amene wayala mpukutu wonse wa nsalu: amadula zidutswa, chilichonse n'kuchisokerera mpendero wofanana. Mpenderowo ndi kachidutswa ka RNA ka zilembo 39 kamene kamalumikizidwa kutsogolo kwa uthenga uliwonse, ndipo kumbuyo kumaikidwa mchira. Uthenga wopanda ziwirizi sugwira ntchito. Uthenga womwe sikakuufuna panthawiyo kamangouphwanya msanga.

Nkhani yagona pa majini a chovala. Kunja konse kwa kachilomboka n'kokutidwa ndi puloteni ya mtundu umodzi yotchedwa VSG, timapuloteni pafupifupi 10 miliyoni tothithikana kwambiri moti chitetezo cha m'thupi sichiona zomwe zili pansi pake. Majini a VSG, athunthu ndi oduka, alipo pafupifupi 2,000, koma amene amawerengedwa pa nthawi imodzi ndi imodzi yokha. Malo owerengera majiniwa ali kunsonga kwa makolomozomu (timitolo ta DNA), alipo pafupifupi 15, ndipo otsegula amakhala amodzi. Thupi lanu limatenga pafupifupi sabata kuti lichidziwe chovalacho, kenako limapha tizilombo tochuluka, mutu n'kupepuka, munthu n'kudzuka kupita kumunda. Koma pa gululo tochepa timakhala tasintha kale, tatseka malo aja n'kutsegula ena, kapena takopera jini ina n'kuilowetsa pa malo otsegulawo. Totsalati timaswana, thupi n'kuyambanso kutentha.

Izi si zachilendo. Mu 1910, Ronald Ross ndi David Thomson ku Liverpool ankawerenga tizilombo m'magazi a wodwala amene anakatenga matendawa ku chigwa cha Luangwa, tsiku ndi tsiku, ndipo anaona chiwerengero chikukwera ndi kutsika pafupifupi sabata iliyonse. Ndiye wina mu zaka zino aziti mphini ndizo zatsitsa kutentha? Ofunsa za katemera wa kaodzera, yankho lanu ndi lomweli. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira mdani mmodzi, pomwe uyu mawa wavala zina.

Bambo wina sachoka m'maganizo mwanga. Ankafula njuchi m'mphepete mwa nkhalango, ndipo pa mwendo anali ndi chilonda chotupa pomwe kashembe anamuluma. Atayamba kutentha thupi anamwa LA wogula kwa munthu woyenda ndi chikwama, thupi n'kuzizira, onse n'kuti anali malungo. Litatenthanso anamutengera kwa asing'anga, anamutema mphini pachipumi ndi pachifuwa, thupi n'kuziziranso. Asing'angawo analandira mbuzi. Pomwe ankafika kwa ife kuchipatala anali akugona masana, usiku n'kumabwebweta, atagwira supuni dzanja likunjenjemera, achibale akuti amulodza chifukwa cha malire a munda. Dontho limodzi la magazi pa galasi linali lokwanira: tizilomboto tinkaoneka tikupiringizika pakati pa maselo ofiira, kuwakankha uku ndi uku. Madzi a pamsana anasonyeza kuti tafika kale ku ubongo. Nthawiyo mankhwala a siteji imeneyi anali melarsoprol yekha, jakisoni wokhala ndi arsenic, amene payekha amapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 aliwonse. Bamboyo sanatuluke m'chipatala. Akanabwera sabata ya chilonda chija, akanalandira suramin, jakisoni woperekedwa matenda asanafike ku ubongo, n'kubwerera kwawo.

Kaodzera wa kuno ndi wa mtundu wa rhodesiense, ndipo sachedwa ngati wa ku Congo amene amatha zaka. Uyu m'masabata ochepa wafika ku ubongo, ndipo popanda mankhwala munthu amamwalira m'miyezi yochepa. Kachipangizo koyezera malungo kobaya pachala kaja sikaona kaodzera. Ngakhale katasonyeza kuti muli ndi malungo, matenda awiriwa amatha kukhalira limodzi.

Kudziwa mmene kachilomboka kamadulira uthenga wake kwathandizako. Mankhwala a acoziborole, omwe ayesedwa ku Congo ndi ku Guinea pa kaodzera wa kumeneko, amatseka puloteni yotchedwa CPSF3, lumo lodulira mpukutu uja. Kuno kwathu chomwe chasintha zinthu ndi fexinidazole, mapiritsi omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, amene anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Uganda. Bungwe la WHO linawavomereza mu 2024 kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo, olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Koma mapiritsiwa sagulidwa pagolosale, ndipo wina akakutsatsani pamsika dziwani kuti ndi wakuba. Musachedwenso, chifukwa munthu amene wayamba kale kukomoka sathanso kumeza mapiritsiwa.

Ngati mumakhala kapena mwapitako kufupi ndi nkhalangozi, thupi likutentha mobwerezabwereza, musadikire kuti azifunsa okha a dokotala. Auzeni kuti kwanu kuli akashembe, aonetseni chilonda ngati chilipo, ndipo pemphani kuti magazi akaonedwe pa maikulosikopu. Akapanda kupeza kanthu lero, thupi n'kutenthanso, bwereraninso tsiku lomwelo, chifukwa tizilomboti tikatsika timavuta kuona.