Tsamba la Settings lisanjidwe potengera chimene munthu wadzera

Palibe amene amatsegula Settings pa akaunti yake kuti angoonako. Amapitako zinthu zikavuta: foni yasowa mumsika wa Zomba, pasiwedi yaiwalika, kapena mauthenga akumudzutsa usiku. Koma masamba ambiri anasanjidwa motengera mmene opanga pulogalamu amasungira zinthu kwawoko, n'chifukwa chake mumapeza mitu ngati General ndi Advanced, yomwe siuza munthu kanthu.

Kukonzanso kuyambire pa madandaulo amene makasitomala atumiza pa foni ndi pa WhatsApp m'miyezi itatu yapitayi. Awerengeni, muone amene akubwera mobwerezabwereza. Kenako lembani chosintha chilichonse pa kakhadi kake, makhadi 30 kapena 40, mupatse anthu awaunjike okha m'milu ndi kutcha mulu uliwonse dzina. Musangotenga ophunzira a ku University of Malawi poti ali pafupi. Pakhalenso mphunzitsi wa ku Domasi ndi mayi wogula nsomba ku Kachulu. Mayina amene iwo atchule, monga “Nambala yanga” kapena “Ndani akuona zanga”, ndiwo akhale mitu.

Pogona nkhani ndi posintha nambala ya foni. Mapulogalamu ambiri amatumiza nambala yachinsinsi ku SIM yakale, chonsecho munthuyo wabwera chifukwa SIM yomweyo yatayika. Watsekeredwa kunja kwa nyumba yake yomwe. Njira yachiwiri ikonzedwe zinthu zisanavute: imelo yotsimikizika, manambala apadera osunga papepala, kapena kukaonetsa chiphaso cha unzika ku ofesi. Nambala ikasintha, uthenga upite ku yakale ndi ku imelo, ndipo ngati akauntiyo imasunga ndalama, kutumiza kudikire kaye maola 24 kuti mwini wake, ngati si iye wasintha, apeze mpata wokana. Kumbukiraninso kuti nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kuipereka kwa wina, ndiye ndi bwino kufunsa mwini akaunti kamodzi pachaka ngati idakali yake.

Kuno foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, ndipo ambiri amalowa mu akaunti pa kompyuta ya mushopu yosindikizira mapepala. Choncho mndandanda wa zipangizo zomwe zalowa, ndi batani loti “Tulukani ponseponse”, zioneke pamwamba.

Batani lisachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni) mbali zonse, monga Android imalangizira, kuti chala chisaphonye. Zilembo zisiyane ndi mtundu wakumbuyo kwake pa mlingo wa 4.5 kwa 1 umene WCAG (malangizo opangira masamba oti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito) imafuna. Zilembo zotuwa zija siziwerengeka padzuwa la masana. Netiweki ikaduka munthu ali mkati molemba, zomwe walemba zisafufutike, ndipo mawu oti “Zasungidwa” aoneke pokhapokha seva, kompyuta yosunga zinthu za pulogalamuyo, yavomera. Chotsekera akaunti chikhale pansi, patali ndi mabatani ena, koma chisabisike, ndipo chinene mosapita m'mbali zomwe zitayike.

Musanatulutse tsamba latsopanolo, liyeseni ndi anthu asanu pa mafoni awo omwe, ndi bandulo yawo. Muuzeni aliyense kuti, “Mwataya SIM, ikani nambala yatsopano,” kenako khalani chete. Lembani pomwe chala chaima, ndi masekondi amene chaimapo.