Mwana Akamapezereredwa ku Mkombaphala: Mafunso ndi Mayankho

Kodi ana a zaka zitatu mpaka zisanu angapezerere anzawo?

Inde. Kulimbirana mpira wachikulunga si nkhani, amalira pang'ono n'kuyambanso kusewera. Kupezerera kumabwerezabwereza, ndipo kumagwera mwana yemweyemweyo: lero amulanda supuni pa nthawi ya phala, mawa amutsina pamzere, mkuja amuuza kuti "iwe usasewere nafe". Kawirikawiri amatola wamng'ono thupi, wachibwibwi, wolumala kapena wachialubino. Mayina onyoza amene amamutchula sapeka okha, amawamva kwa ife akuluakulu pakhonde.

Malamulo akutinji?

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limati mwana atetezedwe ku chilichonse chimene chingawononge thanzi lake ndi kakulidwe kake. Palinso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Koma mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu, ndiye musayembekezere kuti wapolisi adzanjata kamwana ka zaka zinayi. Udindo uli pa alezi, komiti ya sukulu ndi makolo.

Ndidziwa bwanji, poti mwana sanena?

Mwana amene ankadzuka yekha kufunafuna kapu yake ya phala akayamba kukakamira chitenje chanu pakhomo la sukulu, pali chifukwa. Ena amadandaula m'mimba m'mawa uliwonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu. Ena amayambiranso kukodza pogona. Pomusambitsa yang'anani zipsera za mano ndi zikhadabo. Musamupanikize ndi mafunso. Mufunseni modekha kuti, "Lero unakhala ndi ndani pomwa phala?"

Mlezi achite chiyani?

Alowererepo nthawi yomweyo. Ayambe watonthoza wolirayo, kenako agwade kuti maso alingane ndi a wolakwayo, n'kumuuza mwachidule kuti kuno sititsinana. Chikwapu ayi. Mukakwapula mwana chifukwa chomenya mnzake, chimene waphunzira n'chakuti wamphamvu ndiye amamenya. Zambiri zimachitika kuseri kwa chimbudzi ndiponso pamene alezi onse atanganidwa ndi mphika, choncho mmodzi azitsala ndi ana.

Zikapitirira ndikadandaule kuti?

Yambani ndi mlezi, kenako komiti. Musapite kukalalata pakhomo pa makolo a mwana winayo, zimangobala chidani. Zikakanika, onanani ndi woona za chitetezo cha ana m'dera lanu kapena ofesi ya Social Welfare ya boma lanu. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Ngati wozunzayo ndi munthu wamkulu, nkhani imeneyo ndi ya ku Victim Support Unit, nthambi yothandiza ozunzidwa kupolisi.

Nanga ndimuuze kuti azibwezera?

Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti "akakumenya nawenso um'menye". Koma amene akupezereredwa nthawi zambiri ndi wochepa mphamvu, akabwezera amamenyedwa kawiri. Muphunzitseni kunena mokweza kuti "Ndisiye, sindikufuna!" n'kuthamangira kwa mlezi. Yesererani kunyumba madzulo, inu mukhale wolanda supuniyo.