Gwape akathawa sizitanthauza kuti chipolopolo chaphonya

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva alenje ena akunena kuti gwape wolasidwa ndi mfuti ya gogodera amagwera pomwepo, ndipo akathawa osasiya magazi ndiye kuti mwaphonya. Zanditopetsa, chifukwa nyama zambiri zimafera m'tchire pachabe kaamba ka bodza limeneli.

Ku America, komwe madera ambiri ali ndi nyengo yapadera yosaka agwape a mchira woyera ndi mfuti za gogodera, zothirira wonga kukamwa, alenje amadziwa kuti gwape wolasidwa mumtima kapena m'mapapo amatha kuthamangabe mamita 50 kapena 100. Utsi wa wonga umakuphimbanso m'maso, osaona momwe nyamayo yadumphira. Chipolopolo chikalowa chakumtunda osatulukira mbali inayo, magazi amadzaza m'chifuwa, pansi osadontha kanthu poyamba.

Ndiye pitani pamene inaima, muyang'ane ubweya ndi mapazi. Magazi ofiira mowala okhala ndi thovu ndi a m'mapapo. Dikirani mphindi 30. Akuderako ndi a chiwindi. Obiriwira ndi onunkha ndi a m'matumbo, ndipo apa pamafunika kudikira maola ambiri, chifukwa mukaithamangira imadzuka pomwe yagona n'kupita kutali.

Kutsimikiza n'kosavuta. Potumbula nyama, onani kuchuluka kwa magazi omwe atsalira m'chifuwa, kapena werengani mabuku ophunzitsira alenje. Zomwe simunazitsimikize musamauzeko achinyamata omwe akuphunzira kusaka.