Musanafunse mtengo wa sikipa, yambani mwagwira nsalu

Mayi wina wa kwaya anabwera kushopu kwanga kosindikizira masikipa mwezi wathawu, foni ili m'manja. "Achimwene, tikufuna masikipa 15 akuda, chithunzi ndi ichi. Ndi zingati?" Pachithunzipo panali kwaya yonse itaima kutsogolo kwa tchalitchi, zovala zamitundu mbwee, kumwamba kuli mitambo. Anali atamva kwa anzawo kuti screen printing ndiyo yotchipa, ndipo ankafuna imeneyo basi. Ndinawapatsa mpando, chifukwa yankho lake silinali la mawu awiri.

Anzawowo sananame, koma anangonena theka. Pa screen printing timakunga nsalu yonga sefa pa felemu, n'kuipaka mankhwala otchedwa emulsion amene amalimba akaona kuwala. Pamwamba timayalapo chojambula chakuda chosindikizidwa pa pepala loonekera mkati, kenaka timawalitsa. Pamene pafika kuwala pamauma gwa, pamene panabisika pamachoka tikatsuka ndi madzi, timabowo n'kutseguka. Inki timaikankha ndi labala, imadutsa m'timabowo totsegukato n'kutsala pa sikipa. Vuto ndi lakuti mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake. Thukuta lonse lili pokonza masefawo, koma akakonzeka sikipa imodzi imatha m'masekondi ochepa. Ndiye mukabwera ndi masikipa 300 a msonkhano, zilembo za mitundu iwiri, palibe njira ina ingaipose pa mtengo, chifukwa ndalama ya sefa imagawanika kwa anthu ambiri. Koma anthu 15 kusenza mtengo wa masefa angapo, chithunzi cha nkhope n'kutulukanso cha timadontho, n'kungotaya ndalama.

Inki ya plastisol imene ambirife timagwiritsa ntchito pa screen printing siuma ndi mphepo kapena dzuwa. Imafunika kupsa pa madigiri pafupifupi 160. Osindikiza ena, magetsi akawathawa, amangoiwotcha pang'ono n'kupereka katundu. Mukalandira masikipa, kokani pang'ono pamene pali zilembo. Zikang'aluka n'kuyamba kunyotsoka, inkiyo sinapse, ndipo idzathera m'beseni lochapira.

Vinyl ndi njira ina. Ndi pulasitiki yopyapyala imene makina amadula motsatira zilembo, ife n'kumatola zotsalira ndi kachitsulo kosongoka, kenaka n'kumata ndi heat press, makina opana nsalu ndi kutentha, pa madigiri pafupifupi 150 kwa masekondi 10 mpaka 15. Pa mayina ndi manambala a majezi a mpira ndiye kwawo, chifukwa jezi iliyonse imasiyana ndi inzake. Musandipatse vesi lalitali la tizilembo ting'onoting'ono, ndidzatola mpaka maso kuwawa, ndipo tizilembo totere ndi timene timayamba kumatuka m'makona. Chigamba chachikulu cha vinyl pachifuwa, m'dzuwa la Okutobala, mudzachimva nokha.

Imene anthu amalakwitsa kwambiri ndi sublimation, n'chifukwa chake ndikuti gwirani nsalu kaye ndipo werengani kachikwangwani ka pakhosi. Pa madigiri pafupifupi 200, inki yake imasanduka nthunzi n'kulowa mkati mwa ulusi wa polyester. Mukasisita ndi dzanja simumva kanthu, sing'aluka, simatuka. Koma pa thonje siigwira, mukangochapa kamodzi imasuluka ngati sikipa ya pa kaunjika. Nsalu ikakhala yosakaniza thonje ndi polyester, mitundu imatuluka yofooka. Komanso ilibe inki yoyera, choncho pa sikipa yakuda simuona chilichonse. Masikipa a mayi aja anali akuda, a thonje. Njira imeneyi inagwa pomwepo.

Pa njira yotchedwa DTG sindikhalitsapo. Ndi printa imene imapopera inki pa sikipa penipeni, imakonda thonje, ndipo chithunzi chimatuluka chofewa bwino. Koma makina ake ndi odula, nsalu yakuda imafuna kupoperedwa mankhwala kaye, ndipo inki yoyera imatseka timabowo ta printa ikangokhala masiku osagwira ntchito.

Yatsala DTF, imene yafala kuyambira cha m'ma 2020. Timasindikiza chithunzi pa filimu, mitundu yonse pamodzi ndi inki yoyera kumbuyo kwake, n'kuwazapo ufa wa guluu inkiyo isanaume. Ufawo timausungunula ndi kutentha, kenaka timamata pa sikipa ndi heat press n'kusenda filimuyo. Siisankha nsalu: thonje, polyester, yakuda, yoyera, zonse imagwira. Palibe sefa, palibe kutola. Ena masiku ano akuiyesa mankhwala a matenda onse, koma ine ndimati ayi. Chithunzi chikakhala chachikulu chimamveka ngati pepala lomatidwa pachifuwa, mphepo siidutsa, ndipo pa masikipa mazanamazana a mtundu umodzi imadula kuposa sefa.

Kwa kwaya ija tinagwirizana DTF. Ndinawapempha kuti tichotse mitambo ndi khoma la tchalitchi, patsale anthu okha ndi dzina la kwaya, kuti nsalu izipuma. Ndinawabwezanso kuti akatenge chithunzi chenicheni kwa amene anajambula, chifukwa chija chinali chitadutsa m'magulu a WhatsApp mpaka nkhope zinali zitasungunuka. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ndiye potumiza kwa wosindikiza muzisankha document.

Tsiku lotenga katundu, anafunsa za kachapidwe. Ndinati, "Mayi, tembenuzani sikipa musanachape, madzi akhale ozizira, musamenyetse pamwala, ndipo simbi isadutse pamwamba pa chithunzi, makamaka ya makala ija." Anaseka, n'kunena kuti zimenezo ndikawauze ndekha abambo a mawu a besi, chifukwa iwo ndi amene amasita chilichonse mpaka masokosi.